Mafunso Anu: "Chromogranin A ya amuna anga yakwera, kodi ndi khansa?"

FUNSO

Amuna anga, a zaka 54, akhala akudandaula m'mimba kwa miyezi ingapo, nthawi zina mpaka kutsegula. Kuchipatala anawatenga magazi n'kupima chinthu chotchedwa chromogranin A, ndipo zotsatira zabwera kuti yakwera pafupifupi katatu kuposa mlingo wake. Mwana wathu wayang'ana pa intaneti n'kupeza kuti chinthu chimenechi amapima anthu odwala khansa ya m'matumbo ndi ya kapamba. Adokotala sanaoneke odandaula, anangofunsa mankhwala amene bambowa amamwa. Atamva kuti akhala akumwa omeprazole tsiku lililonse kwa zaka ziwiri chifukwa cha chilungulira, anati adzawapimanso pakapita masabata angapo. Kodi sakutibisira? Ine tulo sindikuona.

Mayi wodandaula

YANKHO

Mayi, adokotala anuwo sakukubisirani kanthu. Funso la mankhwala limene anafunsalo ndi limene inenso ndikanayambira, ndipo omeprazole payekha akhoza kukweza chromogranin A mpaka pamene yafikapo, ngakhale kuposa pamenepo. Sindikunena kuti bambo asafufuzidwe ayi. Kutsegula m'mimba kwa miyezi kumafuna kupeza chimene chikuyambitsa. Koma nambala imene ili papepala lanulo si chigamulo cha khansa, ndipo kuti muone chifukwa chake tiyenera kulowa kaye m'matumbomo.

Khoma la m'kati mwa chifu ndi matumbo linayalidwa ndi maselo osawerengeka. Ambiri ntchito yawo ndi kuyamwa chakudya chogayika kapena kutulutsa timadzi toterera toteteza khomalo. Koma pa maselo 100 alionse pamapezeka pafupifupi limodzi la ntchito ina, yopanga mahomoni, aja amauza ziwalo zina zochita kudzera m'magazi. Maselo amenewa ali patalipatali, lina apa lina apo, komabe mukawaphatikiza onse mupeza kuti matumbo ndiwo chiwalo chachikulu kwambiri chopanga mahomoni m'thupi la munthu. Kumunsi kwa chifu kuli maselo opanga gastrin, imene imalamula kuti asidi atuluke. Kumayambiriro kwa matumbo aang'ono kuli opanga secretin ndi cholecystokinin, zimene zimauza kapamba ndi ndulu kuti zitulutse madzi ogayira chakudya. Chakumapeto kwa matumbo kuli opanga GLP-1, imene imathandiza kuti insulini ituluke komanso kuti munthu amve kukhuta. Ndipo pafupifupi m'matumbo monse muli maselo osunga serotonin. Anthu ambiri serotonin amaidziwa ngati ya muubongo, koma pafupifupi 90 pa 100 ya serotonin yense wa m'thupi imakhala m'matumbo. M'kapamba, chiwalo chogona kuseri kwa chifu, maselo a mtundu umenewu sanabalalike chotero. Anaunjikana m'timagulu tambirimbiri, ndipo ndiwo amapanga insulini ndi glucagon.

Ndimakonda kuwayang'ana maselo amenewa pa maikulosikopu. Kanyama kodulidwa m'matumbo kakapakidwa mankhwala ogwira chromogranin A, maselo ena onse amaoneka otuwa chabuluu, atandandalika bwinobwino pamzere. Kenako diso limagwera pa selo limodzi lofiirira, lili lokhalokha pakati pa anzake. N'lotambalala kumunsi, lowonda kumwamba, kansonga kake katasuzumira mumpita wa chakudya. Kufiirira kuja sikuli ponseponse. Kwadzaza kumunsi, mbali yoyandikana ndi timitsempha ta magazi. Kansonga kaja kamalawa zimene zikudutsa, kaya ndi mafuta, asidi kapena shuga, ndipo kumunsi kuja n'kumene homoni imatulukira.

Selo lotere silidikira kuti chakudya chifike ndiyeno liyambe kupanga homoni. Limapangiratu n'kulongedza m'timatumba ting'onoting'ono, n'kumadikira. Mutimatumba timeneti homoni sikhala yokha. Imakhala pamodzi ndi mapuloteni othandiza kulongedza ndi kusunga, ndipo wodziwika kwambiri mwa iwo ndi chromogranin A. Kathumba kakatseguka, zonse za m'katimo zimakhuthukira limodzi m'magazi. Choncho selo la gastrin limatulutsa gastrin ndi chromogranin A, la serotonin limatulutsa serotonin ndi chromogranin A, la glucagon chimodzimodzi. Ngakhale tiziwalo ta adrenal tokhala pamwamba pa impso, kachiwalo ka pituitary kokhala kunsi kwa ubongo, ndi mitsempha ina yonyamula mauthenga, zonsezi zimatulutsa puloteni yomweyi. Zili ngati mwapeza matumba opanda kanthu ataunjikana pamsewu: mumadziwa kuti apa patsitsidwa katundu wambiri, koma matumbawo sangakuuzeni kuti anali katundu wanji, kapena anatsitsa ndani.

Puloteniyi inayamba kupezeka m'ma adrenal a ng'ombe. Mu 1965 Peter Banks ndi Karen Helle anaona kuti adrenaline akamatuluka, pamatulukanso puloteni ina limodzi naye, ndipo mu 1967 gulu la Hermann Blaschko ku Oxford linaipatsa dzina limene mwaliwerenga papepala lanulo. Mu 1986 Daniel O'Connor ndi Leonard Deftos a ku San Diego anasonyeza kuti imakwera m'magazi a anthu okhala ndi zotupa zochokera ku maselo opanga mahomoni. Kuyambira pamenepo inalowa m'zipatala ngati chopimira, ndipo zimenezi n'zimene mwana wanu wapeza pa intaneti. Sananame. Koma wawerenga theka la nkhani.

Theka linalo ndi ili. Omeprazole amatseka kupangidwa kwa asidi m'chifu. Maselo a gastrin akamva kuti asidi wachepa, amayesa kukonza zinthu potulutsa gastrin yambiri. Gastrin imeneyo imakankha maselo ena a m'chifu otchedwa ECL, amene amatulutsa histamine wodzutsa maselo opanga asidi. Koma asidi satuluka, chifukwa mankhwala atseka. Gastrin imapitiriza kukankha, tsiku ndi tsiku, ndipo maselo a ECL amagwira ntchito mopitirira, amakula, mpaka kuchulukana. Maselo a ECL ndi odzaza ndi chromogranin A. Munthu amene wamwa mankhwalawa kwa zaka ziwiri ndi wachilendo ngati chromogranin A yake sinasunthe. Lansoprazole, pantoprazole ndi esomeprazole amachitanso chimodzimodzi. Izi sizikutanthauza kuti mankhwalawo awononga chifu. Akasiyidwa, nambala ija imatsika.

Palinso zina zimene zimaikweza popanda chotupa. Impso zikafooka sizichotsa puloteniyi m'magazi monga mwa nthawi zonse, ndiye imaunjikana. Matenda amene amapyapyalitsa khoma la chifu n'kupha maselo opanga asidi amaikweza mwa njira yofanana ndi ya omeprazole. Mtima wofooka, kutupa kwa matumbo kwa nthawi yaitali, ngakhale kudya kutangotsala pang'ono kuti munthu atengedwe magazi, zonsezi zimasuntha nambala.

Zotupa za maselo amenewa zilipo ndithu, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Madokotala amazitcha neuroendocrine tumours. Siegfried Oberndorfer wa ku Munich anazifotokoza mu 1907 ataona kuti tizotupa tina ta m'matumbo aang'ono sitithamanga ngati khansa yodziwika ija. Si zofala, ndipo zambiri zimakula pang'onopang'ono. Zikafalikira kuchiwindi, chromogranin A ikhoza kukwera kakhumi, ngakhale kuposa kwambiri. Koma palinso zotupa zimene siziikweza n'komwe, makamaka zing'onozing'ono, za kumapeto kwa matumbo aakulu, ndi zambiri za m'kapamba zopanga insulini. Ndiye onani: yokwera sitsimikiza chotupa, yosakwera sitsimikizanso kuti palibe. Maganizo anga ndi akuti kupima kumeneku kumathandiza kwambiri potsatira wodwala amene chotupa chake chinapezeka kale, kuona ngati chikukula kapena chikumvera chithandizo. Pofufuza munthu amene wangobwera ndi kupweteka m'mimba, nthawi zambiri kumabweretsa mantha ambiri kuposa mayankho, ndipo zimandipweteka kuona mabanja akusowa tulo chifukwa cha nambala imene ikanayenera kufotokozedwa tsiku lomwelo.

Chochita n'chiyani tsono? Bambo asasiye okha omeprazole. Asidi amabwerera mwamphamvu mankhwalawa akasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo kwa munthu wa zilonda za m'mimba zimene zinatulutsapo magazi, kusiya kumakhala koopsa. Adokotala ndiwo anene tsiku losiyira, kawirikawiri masabata awiri kapena kuposerapo asanapimidwenso, ndipo mwina awapatse mankhwala a mtundu wina monga famotidine, amene sakweza nambalayi kwambiri. Magazi akatengedwe m'mawa asanadye, ndipo akapimidwe kulabotale yomwe ija, chifukwa malabotale amagwiritsa ntchito njira zosiyana ndipo manambala awo sayerekezeka bwino. Pemphani kuti impso zipimidwenso. Mukapita, kanenedi zonse: ngati bambo amamva kutentha kumaso ndi m'khosi mwadzidzidzi, ngati pachifuwa pamalira popuma, ngati akuwonda, ngati kutsegula kumawadzutsa usiku. Zizindikiro zimenezi zikakhalapo, kapena nambala ikakana kutsika, pali zopima zina: mkodzo wa maola 24 wofufuza 5-HIAA, chotsalira cha serotonin, kuunika ndi sikani, ndi kulowetsa kakamera m'chifu kapena m'matumbo. Dzina la matenda limatsimikizika pokhapokha kanyama kadulidwa n'kuonedwa pa maikulosikopu. Chimbudzi chikakhala chakuda bii kapena cha magazi, musadikire tsiku limene munapatsidwa, pitani tsiku lomwelo.

FUNSO

Ndikuphunzira unamwino. Aphunzitsi anatiuza kuti shuga akakwera m'magazi, insulini imatuluka m'mphindi zochepa chabe. Koma anatiuzanso kuti kupanga puloteni m'selo kumadutsa masitepe ambiri ndipo kumatenga nthawi. Nanga insulini imafulumira bwanji chonchi? Ndipo ngati imasungidwa yambiri m'selo, bwanji selo siliphulika?

Wophunzira wa chaka chachiwiri

YANKHO

Achemwali, funso lanu lachiwirilo landisangalatsa, chifukwa ophunzira ambiri salifunsa. Tiyambe ndi loyamba, limene yankho lake mwaliona kale pamwambapa: insulini imene imatuluka m'mphindi zoyambirira inapangidwa kalekale.

Timagulu ta maselo a m'kapamba tija anatiwona koyamba ndi Paul Langerhans mu 1869, ali wophunzira ngati inu ku Berlin. Tonse pamodzi timangokwana 1 kapena 2 pa 100 ya kapamba yense. M'kagulu kalikonse muli maselo a beta opanga insulini, a alpha opanga glucagon, a delta opanga somatostatin, ndi ena ochepa. Selo limodzi la beta la mbewa limasunga timatumba pafupifupi 10,000. Ochepa okha mwa timeneti, osapitirira 5 pa 100, ndiwo amakhala atamatira kale kukhungu la selo, okonzeka kutseguka. Shuga akalowa m'selo n'kugwiritsidwa ntchito, ATP, chinthu chonyamula mphamvu m'selo, imachuluka, timipata ta potaziyamu timatsekeka, timipata ta kashiamu timatseguka, ndipo kashiamu wolowayo ndi amene amachititsa kuti timatumba tiphatikane ndi khungu la selo n'kukhuthula. Umenewo ndiwo mkokomo woyamba, wa mphindi pafupifupi khumi. Kenako timatumba ta m'kati timasendera kutsogolo ndipo insulini imapitiriza kutuluka modekha. Mukadzapatsa wodwala shuga glibenclamide, dziwani kuti mankhwalawo akutseka timipata ta potaziyamu tomwe tija, shuga akhale wokwera kapena ayi. N'chifukwa chake wodwala akamwa koma osadya, shuga amatsika mpaka kukomoka.

Insulini siyamba ili insulini. Donald Steiner wa ku Chicago anapeza mu 1967 kuti imayamba ngati chingwe chimodzi chachitali, proinsulin, chimene chimadulidwa chili kale m'kathumba. Kachidutswa kapakati kotchedwa C-peptide kamachoka, n'kutsala insulini ya ma amino acid 51, tizidutswa timene timalumikizana kupanga puloteni. Zonse ziwiri zimatuluka limodzi, chimodzi pa chimodzi. Insulini yobaya ilibe C-peptide, ndiye mukapima C-peptide mwa wodwala amene amadzibaya, mumadziwa kuchuluka kwa insulini imene kapamba wake akupangabe yekha.

Tsono funso la kuphulika. Munaphunzira kuti madzi amatsatira kumene kuli zosungunuka zambiri. Homoni yambiri chotero ikanakhala yosungunuka m'kathumba kakang'ono, madzi akanathamangira momwemo mpaka kathumba kang'ambika. Njira imene selo limathawira vutoli ndi kusasunga homoni ili yosungunuka. M'kathumba muli asidi pang'ono, pH yake imatsika kufika cha m'ma 5.5, ndipo muli kashiamu wambiri. Insulini zisanu ndi imodzi zimagwirana mozungulira maatomu awiri a zinki, kenako magulu amenewa amapanikizana n'kukhala kamwala. Pa maikulosikopu ya electron kamwala kameneka kamaoneka bwino lomwe: kachinthu kakuda, nthawi zina ka ngodyangodya, pakati pa kathumba, katazunguliridwa ndi mpata waukulu woyera. Kathumba ka glucagon n'kosiyana, pakati pake n'pozungulira ndipo mpata woyera ndi wochepa. Munthu wozolowera amatha kutchula mtundu wa selo pongoyang'ana timatumba take. Kamwala kaja kakangofika m'magazi, kumene kulibe asidi wotero, kamasungunuka nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene banja la chromogranin limagwira ntchito. Lili ndi mamembala angapo: chromogranin A, chromogranin B, secretogranin II, secretogranin III ndi ena. Ndi mapuloteni ogwira kashiamu wambiri, ndipo akakumana ndi asidi ndi kashiamu amaundana, n'kukokera mahomoni m'chiunda chawocho. Kuundana kumeneku kumathandiza kusiyanitsa zoyenera kusungidwa ndi zoyenera kungotuluka nthawi yomweyo, komanso kumachepetsa kukoka kwa madzi kuja. Mu 2001 gulu la Peng Loh ku America linachepetsa chromogranin A m'maselo osungidwa m'labotale, ndipo timatumba tinachepa kwambiri. Koma mbewa zobadwa popanda puloteniyi zimakhala ndi moyo ndipo timatumba zimapangabe, chifukwa abale ake ena amagwirako ntchitoyo. M'kapamba wa munthu chromogranin A imaoneka yambiri m'maselo a glucagon kuposa a insulini, ndipo mbewa zopanda chromogranin B zimavutika kutulutsa insulini mwachangu shuga akakwera.

Chimene chimandidabwitsabe ine n'chakuti puloteni yolongedzera imeneyi, nayonso ikadulidwa, zidutswa zake zimagwira ntchito ngati mahomoni. Chromogranin A ya munthu ili ndi ma amino acid 439, ndipo timipeni tomwe timadula proinsulin timaidulanso. Mu 1986 Kazuhiko Tatemoto ndi anzake anapeza m'kapamba wa nkhumba kapuloteni kochepetsa kutuluka kwa insulini, n'kukatcha pancreastatin. Chaka chotsatira zinadziwika kuti ndi chidutswa cha chromogranin A. Mu 1997 Sushil Mahata ndi anzake anapeza chidutswa china, catestatin, chimene chimachepetsa kutuluka kwa adrenaline. Mbewa zopanda chromogranin A zimathamanga magazi, ndipo zikapatsidwa catestatin BP imatsika.

Pali mbali ina yowawa. Mu 2010 gulu la Kathryn Haskins ku Denver linapeza kuti m'mbewa zodwala shuga wa mtundu woyamba, asilikali ena a chitetezo cha m'thupi amene amapha maselo a beta amazindikira chidutswa cha chromogranin A. Mu 2016 gulu lomwelo linasonyeza kuti m'kathumba kothinana kaja, chidutswa cha proinsulin chikhoza kulumikizana ndi chidutswa cha chromogranin A n'kupanga kapuloteni kachilendo, ndipo chitetezo chimakaona ngati mdani. Mukadzasamalira mwana wodwala shuga wa mtundu woyamba, makolo adzakufunsani kuti analakwitsa chiyani. Muwauze molimba mtima kuti palibe chimene analakwitsa.

FUNSO

Ine ndimagwira ntchito yothandizira dokotala wa ziweto. Kodi zimenezi zilinso mwa nyama, kapena ndi za anthu okha?

Bambo wokonda ziweto

YANKHO

Bambo, zilimo, ndipo zambiri tinazidziwira kwa nyamazo. Secretin inapezeka mu 1902 ku London, William Bayliss ndi Ernest Starling atathira asidi m'matumbo a galu amene mitsempha yake yonyamula mauthenga inali itadulidwa, n'kuona kapamba akutulutsabe madzi. Insulini inapezeka ku Toronto mu 1921, nayonso poyesa pa agalu. Chromogranin A inachokera ku ng'ombe, pancreastatin ku nkhumba. Nyama zoyamwitsa zonse zili ndi maselo amenewa m'matumbo ndi m'kapamba, ndipo zimalongedza mahomoni mwa njira imodzimodzi. Insulini ya nkhumba imasiyana ndi ya munthu pa amino acid imodzi yokha, ya ng'ombe pa zitatu, n'chifukwa chake odwala shuga anakhala akubaya insulini ya nyama kwa zaka 60, mpaka ya munthu yopangidwa m'labotale inayamba kugulitsidwa mu 1982. Kusiyana kumene kulipo n'kwa kuchuluka: mtundu wa selo umene uli ndi chromogranin A yambiri mwa nyama ina ukhoza kukhala nayo yochepa mwa ina, ndiye wopima ayenera kudziwa nyama imene kanyamako kachokera.

Pantchito yanu mukhoza kukumana nazo pawiri. Ofufuza amapima chromogranin A m'malovu a nkhumba pofuna kudziwa ngati zapanikizika, monga pozinyamula pagalimoto, chifukwa malovu amatengeka popanda kuibaya nyamayo. Kwina ndi kwa agalu okalamba, amene nthawi zina amamera chotupa cha maselo a beta. Galu wotere amafooka miyendo, amanjenjemera kapena kugwa khunyu akathamanga kapena akakhala nthawi osadya, ndipo akadya amatsitsimuka. Mukamuona wotero, pimani shuga nthawi yomweyo ali chigwere. Shuga akapezeka wotsika kwambiri, tengani magazi a insulini pa nthawi yomweyonso musanamupatse kanthu, chifukwa insulini yokwera pamene shuga ali pansi ndi imene imaloza chotupacho.